Foni Yotentha M'chisanu cha Juni

Foni inabwerera itakulungidwa m'kansalu. Anandipatsira kondakitala wa basi pa depoti ku Blantyre, Lachinayi masana, ndipo m'kansalumo munalinso kakalata ka achemwali anga a Felista, kolemba ndi pensulo pa pepala long'amba m'kope la mwana wanga. Analemba kuti, "Foni yakoyi ikudwala. Imatentha ngati mbatata yootcha, ikatero imayamba chibwibwi, kenako yazima. Ukonzetse komweko kuli odziwa. Ana ali bwino, usade nkhawa."

Ine munthu akandiuza kuti usade nkhawa, mpamene nkhawa imayambira. Ndinabadwa choncho. Amayi anga asanamwalire ankati mtima wanga uli ngati wa nkhuku ya anapiye, umaona kabawi pa mtambo uliwonse. Ndiye ndinayenda kuchoka pa depoti mpaka kunyumba kumene ndinkagwira ntchito ndikudzidzudzula ndekha kuti Stazia, foni ndi foni, imawonongeka, usayambe zako zija.

Kwathu ndi ku Dedza, mudzi wa kuseri kwa Chimbiya, kumtunda kumene mphepo imalowa mpaka m'mafupa. Sukulu ndinalekezera sitandade seveni. Ndili ndi ana awiri, Pilirani wa zaka zisanu ndi chimodzi ndi Joze wa zaka zitatu. Bambo awo ankacheka matabwa ku Phiri la Dedza, ntchito itatha anapita ku Joni, anaimba foni miyezi iwiri, kenako zii mpaka lero. Chaka chatha chimanga changa chinatha mvula isanayambe n'komwe. Tsiku lina tili kudimba, achemwali anaimika khasu n'kunena kuti mayi wina wa kumphakati kwathu ali ndi mphwake ku Blantyre amene akufuna munthu wothandiza m'nyumba.

"Pita iwe," anatero. "Ana awiri si ng'ombe. Ndiwasakaniza ndi anga atatuwa, sadziwika n'komwe kuti wa ndani ndi uti."

"Nanga Joze ndi chifuwa chake chija?"

"Zifuwa ndinayamba kuziona iwe uli wakhanda. Pita ukagwire ntchito, ukalirire komweko. Kuno watilirira mokwana."

Tinaseka mpaka ndinakhala pansi pamzere. Ndinanyamuka Lolemba m'mawa, Joze ali mtulo kumsana kwa achemwali, Pili atagwira chitenje changa, osalira, akungondiyang'ana. Mu minibasi ndinalira mpaka Lizulu, kenako njala inandigwira, ndinadya nthochi zitatu.

Abwana anga ku Blantyre anali mayi wachitsikana, a Mervis, osakwatiwa, okhala okha m'nyumba ya mpanda wa njerwa. Tsiku loyamba ndinawagwadira n'kuwatchula madamu. Anati, "Musanditero, ndimamva ngati ndakalamba. Muziti asisi." Iwo ankanditchula amake Pili, dzina limene ndinkayesa kuti ndalisiya ku Chimbiya.

Ndisaname, ku Blantyre ndinakhalako bwino. Ntchito inali yopepuka moti nthawi zina ndinkachita manyazi. Ndinanenepa. Ndinaphunzira kuphika nyama ya nkhuku mu uvuni, ndinaona madzi otentha akutuluka pampopi, ndipo malipiro anga oyamba ndinagulira ana majuzi pa kaunjika, a ubweya weniweni, ndi kasola kakang'ono koti achemwali aziunikira. Chondivuta chinali masana. Nyumba yonse zii, palibe mwana wolira, palibe wondikoka chitenje. Ndinkapezeka ndaima pafupi ndi mpanda ndi chokolopera m'manja, ndikumvetsera ana a nyumba yoyandikana nayo, mpaka ndinadziwa kuti wamng'onoyo ali ndi chimfine ndisanamuonepo nkhope.

Asisi Mervis ankagwira ntchito m'chipinda cha kumapeto. Munali makompyuta atatu ndi kabati yodzaza mafoni, ena osweka magalasi, ena omata timapepala. Ankakhala m'menemo tsiku lonse akuyang'ana mizere yamitundumitundu ikukwera ndi kutsika, tiyi amene ndawapatsa akuzizira pambali. Tsiku lina ndikupukuta fumbi ndinalephera kupirira.

"Asisi, kodi mizereyi mukuiyang'ana ngati mukudikira mvula, imakuuzani chiyani?"

Anatembenuza mpando. "Kumatabwa kumene ankagwira ntchito bambo ake a Pili kunali kapitawo?"

"Analiko. Wamimba chonchi."

"M'foni munso muli kapitawo, koma wopanda mimba. M'kati muno muli kachipangizo kamene timati pulosesa, tinene kuti ndi antchito anayi. Koma ntchito ndi zambirimbiri. Ina ndi yoonetsa kanema, ina yodikira uthenga, ina yomva chala chikakhudza galasi. Kapitawoyo ndi amene amati iwe gwira iyi, siya, tenga iyo, mwachangu kuposa kuphethira kwa diso. Ntchitozo zinaikidwa m'magulu. Gulu la zimene munthu akuziona pagalasi limapatsidwa mpata waukulu, gulu la zakumbuyo limadikira. Ndiye kuti kapitawo agawe bwino, ayenera kudziwa kuti gulu lililonse likulemera bwanji panthawiyo. Ine ntchito yanga ndi kukonza sikelo yakeyo."

"Kuyeza basi? Ndiye azungu aja mumalankhula nawo pakompyutawo amakulipirani chifukwa cha sikelo?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chovuta n'chakuti ntchito za gulu limodzi zimamwazikana kwa antchito onse anayi. Ukati uwaimitse uwafunse mmodzimmodzi, ntchito yaima. Ukapanda kuwafunsa, sikelo yanama. Ndiponso ntchito ikasamuka kuchoka kwa uyu kupita kwa uyo, kulemera kwake kuyenera kusamuka nayo limodzi. Tikalakwitsa pamenepo, kapitawo amaona ngati wachiwiriyo alibe kanthu, n'kumuwonjezera zina, pamene mnzathuyo wasenza kale."

Sindinganene kuti ndinamva zonse. Koma kuyambira tsiku limenelo ndikalowa ndi tiyi ndinkafunsa kuti kapitawo wadzuka bwanji, iwo n'kuyankha kuti lero waledzera, kapena lero ali bwino, wagawa mwachilungamo. Anandiphunzitsanso mitundu. Mzere wofiira ndi gulu la pagalasi, wobiriwira ndi zakumbuyo, wachikasu ndi wa chala, ndipo wakuda wa pansi ndi kutentha kwa foniyo.

M'mwezi wa Malichi anandipeza kukhitchini ndikuyesa kuimbira a Nabanda, oyandikana nawo nyumba achemwali, amene foni yawo imakhala yozima masiku ambiri pamlungu. Analowa m'chipinda chawo n'kutuluka ndi foni imodzi ya m'kabati muja.

"Iyi itumizeni kumudzi. Koma muwauze achemwali anu kuti ndi foni yanga yoyesera ntchito, imasunga mizere ija. Simva mawu a munthu, sijambula munthu, imangosunga kulemera kwa magulu ndi kutentha. Akakana musatumize."

Achemwali anati isunge zimene ikufuna, bola izilankhula. Ndiye miyezi itatu imeneyo inali yokoma kuposa yonse. Madzulo alionse ndinkalandira mawu ojambula. Pili ankati, "Amama, Joze wadya sopo, koma pang'ono." Tsiku lina, "Amama, ndikutha kulemba dzina langa, koma R akuyang'ana kumbuyo." Joze ankangopumira pafoni ngati kamwana ka ng'ombe, kenako n'kunena kuti "basi". Mawu amenewo ndinkawamvera kakhumikakhumi ndikuchapa. Achemwali anakaikitsamo makwaya ndi tizithunzi ta ana toseketsa ku Chimbiya, ndipo ankati Lamlungu akaweruka kutchalitchi nyumba imadzaza.

Tsopano foni ija inali itabwerera, ili m'manja mwanga, yozizira ngati mwala.

Asisi Mervis anailandira ngati ndawabweretsera nkhuku. "Miyezi itatu ya kumudzi," anatero akuilumikiza ndi chingwe. "Mizere yotere sindingaipeze kwina kulikonse." Ine ndinaima kumbuyo kwawo ndi mbale ya mpunga imene ndinkasankha. Anayang'ana nthawi yaitali, akusuntha mizere uku ndi uku, kenako anakwinya pachipumi.

"Foniyi ilibe vuto, amake Pili. Taonani apa. Ili ndi Lamlungu. Wofiira wakwera, ndiye kuti akuonera kanema, maola atatu. Wachikasu ukudumphadumpha, ndiye kuti ana akulimbirana, aliyense akukhudza galasi. Wakuda uli pansi, foni ndi yozizira. Zonse zili bwino. Tsopano taonani Lachiwiri. Wofiira wakwera chimodzimodzi, kulemera komwe kuja, kuyambira sikisi koloko m'mawa mpaka batire litatha. Koma wachikasu wagona. Maola onsewa palibe amene wakhudza foniyi. Ndipo wakuda ukungokwera, mpaka antchito aja achepetsa liwiro kuti foni isapse. Ndicho chibwibwi akunenacho."

"Lachiwiri lokha?"

"Lachiwiri ndi Lachisanu. Mlungu uliwonse kuyambira kumapeto kwa Meyi. Chimene chikundidabwitsa n'chakuti katundu wa kanemayu ndi wochepa, sangatenthetse foni chonchi. Kutenthaku sikukuchokera m'kati. Mwina amaisiya padzuwa?"

"Kumayamba nthawi yanji kutenthako?"

"Seveni isanakwane."

Mbale ija ndinaiika pansi pang'onopang'ono. Asisi Mervis anakulira ku Blantyre, sankadziwa. Kwathu mu Juni seveni koloko kulibe dzuwa, kumakhala chifunga choti mbuzi yako umaimva kulira osaiona, zala zimauma, madzi a m'ndowa amaluma mano. Chinthu chotentha m'mudzi mwathu nthawi imeneyo ndi chimodzi chokha, mbaula ya makala. Ndipo Lachiwiri ndi Lachisanu ndi masiku amene malole ogula kachewere amaima pa Chimbiya, amayi onse amapita kumsewu ndi ndowa zawo kusanache. Ndipo Pili wanga ndimamudziwa, foni ili pafupi sangapume kawiri osaikhudza, ndiye kuti inali patali poti sangafikire, ndiye kuti inali pa msomali uja wa pakhoma pamene achemwali amapachika korona wawo wopempherera, ndipo pansi pa msomali umenewo ndi pakona pamene timaika mbaula. Ndipo ngati maola onsewo panalibe amene anaikhudza, ndiye kuti munalibe munthu wamkulu.

Ndinaziona zonse nditaima pomwepo, ngati ndili pakhomo. Ana ali okha, chitseko chotseka, makala akuyaka.

"Asisi, ana anga amawatsekera m'nyumba ndi mbaula."

Sananene kuti mwina mukuganiza molakwa. Anayang'ananso mzere wakuda uja, n'kufunsa kuti, "Mawa ndi lachingati?"

"Lachisanu."

Ndinaimbira a Nabanda kasanu ndi kawiri, foni yozima. Basi ya madzulo inali itapita. Ndipo chinanso chimene chinkandidya mumtima n'chakuti foni ija, imene inkawakhazika ana pansi, inali ndi ine ku Blantyre. Mawa adzakhala m'menemo opanda choonera, Joze akuyendayenda.

Kusanache asisi Mervis anandiperekeza pa galimoto yawo mpaka pa depoti, atavala malaya ogonera ndi juzi pamwamba. Anandipatsa ya thiransipoti ndi foni ija. Ine ndinayamba kuwauza za nyemba zimene ndinaviika ndi zovala zimene zinali pachingwe.

"Pitani, amake Pili. Nyemba ndithana nazo ndekha, ndili ndi digiri."

Ulendo umenewo sindikumbuka nkhope ya munthu aliyense. Ndinkapemphera korona, ndikafika pakati n'kusokoneza, n'kuyambiranso. Pa Zalewa basi inaima, ine ndinkafuna kutsika ndiikankhe. Titadutsa Ntcheu mphepo inayamba kulowa pa zenera, anthu akutulutsa majuzi, ndipo nditaona mapaini a pa Phiri la Dedza ali m'chifunga mtima wanga unachita ziwiri nthawi imodzi, kukondwa kuti ndafika kwathu ndi kuopa chimene ndikachipeze.

Tinafika pa Chimbiya cha m'ma teni. Ndisanatsike n'komwe ndinawaona achemwali pa zenera, ali m'mbali mwa msewu pakati pa ndowa za kachewere, atamanga mpango wabuluu, akukangana mtengo ndi munthu wa lole. Pambali pawo panali a Nabanda, amake Dalitso, amake Rozi, onse. Ndinawerenga amayi ndi maso, mwana panalibe ndi mmodzi yemwe kupatula akumsana. Sindinawapatse moni. Ndinakwera njinga yamoto ya kabaza n'kumuuza mwini wake kuti, "Achimwene, thamangani ngati mwaba." Kumbuyo ndinamva achemwali akuitana dzina langa.

Pachitseko panali loko. Zenera linali lotsekedwa ndi thumba la feteleza lopindapinda, mpata wa pansi pa chitseko wotsekedwa ndi chiguduli. Koma m'kati munkamveka nyimbo. Ana ankaimba Ulemu kwa Mulungu kumwamba, molakwitsalakwitsa, ndipo mawu amene ankatsogolera ndinawadziwa.

"Pili."

Nyimbo inaima. "Amama?"

Ndinatenga khasu limene linali pakhonde, ndinalowetsa kuseri kwa chitsulo chokolowekera loko, n'kukanula kamodzi, kawiri, misomali inazuka ndi thabwa lomwe. Mpweya umene unatuluka unali wofunda, wolemera, wopanda utsi. M'kati munali ana asanu ndi atatu, osati asanu. Anali atakhala m'mizere pamphasa, Pili ataima kutsogolo ndi kamtengo ngati aphunzitsi. Pakona, pansi pa msomali uja, panali mbaula yofiira, yozunguliridwa bwinobwino ndi njerwa, pamwamba pake pataikidwa waya wa khola la nkhuku. Joze sanali pamzere. Anali atagona pambali, nkhope pansi.

Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa anawo. Ndinangopezeka ndili panja naye m'manja, ndikumugwedeza, ndikumuuzira kumaso, ndikuuza enawo kuti tulukani nonse, khalani pamphepo. Anali wofunda, wolobodoka. Kenako anatsokomola, anatsegula diso limodzi, anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna kukumbuka kuti mayi ameneyu anamuonera kuti, n'kufunsa kuti, "Foni mwabweretsa?"

Ndinaseka ndikulira, zonse pamodzi, nditakhala pafumbi. Pili anandikumbatira m'khosi chakumbuyo mwamphamvu moti ndinalephera kupuma. Anali atatalika, masaya onenepa, opakidwa mafuta kuti asang'ambike ndi chisanu, juzi ija ya pa kaunjika yasokedwa bwino pachigongono ndi ulusi wofiira. Ana enawo anatizungulira akundigwira tsitsi, akufunsa ngati ku Blantyre kuli nyumba zosanjikizana zoona.

"Joze amagona choncho masiku onse a malole," Pili anandiuza ngati nkhani wamba. "Ife mutu umatiwawa, koma azakhali akatsegula umasiya. Lero kunalibe kanema, ndiye ndinati tiimbe kuti asalire."

Achemwali anafika pa kabaza wina, mpango uli m'manja. Anayang'ana ine, anayang'ana ana, anayang'ana chitseko.

"Wandithyolera chitseko."

"Ndathyola."

"Wachoka ku Blantyre kudzandithyolera chitseko, moni osandipatsa pamsewu, anthu onse akuona."

"Achemwali, Joze ndamupeza atagona. Samadzuka."

"Ndi tulo ta mwana. Makala amapha anthu usiku, akagona atatseka. Ino ndi nthawi ya masana. Ndipo ine ndimayatsira panja mpaka utsi wonse uthe, ndiye n'kulowetsa. Taona njerwazo, taona wayayo, mwana sangapse. Ukufuna ndiwasiye panja? Chitsime chathu chija chilibe chivindikiro, Joze ndinamugwira kawiri akusuzumiramo. Ndiwasiye m'nyumba mopanda moto, ndi chifuwa chakecho, mu Juni?"

"Pili, tauza azakhali za mutu."

Pili ananena. Kenako mwana wa a Nabanda anati iyenso, ndipo wa amake Rozi anati iye anasanza Lachiwiri koma anaopa kunena poti angamuletse kubwera ku kanema. Achemwali anakhala pansi pakhonde. Ndinawayang'ana bwino kwa nthawi yoyamba. Ine ndinali nditanenepa, iwo anali ataonda, mitsempha ya m'khosi ikuoneka, zidendene zong'ambika.

"Ukatumiza mawu umafunsa ngati ana adya," anatero motsitsa. "Adya. Umafunsa ngati akutsokomola. Sunafunsepo kuti ndikapita kumsewu amatsala ndi ndani. Ndipo ine sindinafune kuti ufunse, ukanasiya ntchito."

Zinali zoona. Ndinakakhala pambali pawo, Joze ali pamiyendo panga, phewa langa litagunda lawo. Kenako achemwali anapukuta maso ndi mpango n'kufunsa kuti, "Koma wakuuza ndani?"

"Foni."

"Foni imene ija?"

"Inasunga kuti Lachiwiri ndi Lachisanu imatenthedwa ndi chinthu cha kunja, ndipo palibe amene amaikhudza."

"Ndiye ine miyezi itatu ndakhala ndikudyetsa kazitape magetsi a sola yanga," anatero, ndipo tinaseka mpaka ana anayamba kuseka nawo osadziwa chimene tikuseka.

Masana omwewo tinapita ndi ana onse asanu ndi atatu kuchipatala chaching'ono, tili pamzere ngati abakha. Anamwino anawayeza n'kunena kuti ali bwino, koma anatiuza mosabisa kuti mpweya wa makala suoneka, sununkha, ndipo susankha usiku kapena usana, mwana akayamba kugona ndiye kuti wayamba kale kumulowa. Anati chawathandiza n'chakuti denga ndi la udzu, mpweya wina unkatulukira m'mwamba.

Madzulo amayi onse anabwera kwa achemwali, aliyense ndi kanthu, wina mazira, wina kabichi, a Nabanda ndi foni yawo yozima ija m'manja akupepesa. Mpamene ndinamva mmene zinayambira. Poyamba anali ana athu asanu okha. Kenako a Nabanda anati poti kwa a Felista kuli kanema ndi moto, wanganso akhale konko. Amake Rozi ankayesa kuti a Nabanda amatsalira kuyang'anira. Amake Dalitso ankayesa kuti ndi amake Rozi. Panalibe mayi woipa ndi mmodzi yemwe. Aliyense ankachoka kusanache ndi ndowa pamutu akuthokoza Mulungu kuti mwana wake ali pofunda.

Ku Blantyre ndinkaganiza za kwathu ngati malo amene ndinasiyako ana awiri. Nditabwera ndinapeza kuti ana angawo anali a mudzi wonse. Amene anamusokera Pili juzi anali amake Rozi. Amene ankamupatsa Joze uchi wa chifuwa anali a Nabanda. R wa Pili anamutembenuza ndi amuna awo a achemwali, polemba ndi makala pakhoma la khola. Ndinachita manyazi, komanso ndinakondwa kwambiri, moti usiku umenewo ndinadya kawiri.

Loweruka ndinaimbira asisi Mervis n'kuwauza kuti sindibwerera. Ndinali nditakonzekera mawu ambiri opepesa, koma iwo anangofunsa za Joze, kenako anati nyemba zija zinapserera ndi digiri yomwe. Anati foni ikhale yanga. Patapita milungu itatu ananditumizira mawu akusangalala ngati mwana, akuti mizere ya ku Chimbiya yawaonetsa cholakwa pa sikelo yawo. Akuti antchito aja akachepetsa liwiro chifukwa cha kutentha, ntchito yomwe ija inkaoneka ngati yalemera kuposa mmene ilili, ndipo kapitawo ankagawa molakwa. Akonza, ndipo azungu awo anawayamikira. Ndinawauza kuti akapereke moni kwa kapitawo.

Ndalama za ku Blantyre ndimazisowa, sindingabise. Madzi otentha a pampopi ndimawasowanso, makamaka m'mawa. Koma Lachiwiri ndi Lachisanu tsopano ana onse amabwera kwa ine, afika khumi ndi mmodzi, ndipo mayi aliyense pobwera kumsewu amandisiyira kachewere kapena chimene wapeza. Masiku ena ndimakazinga tchipisi n'kukagulitsa pa Chimbiya, achemwali n'kutsala ndi ana. Amuna a m'mudzi anatimangira chisakasa cha matabwa otsala a paini, makoma atatu otchinga mphepo ya kuphiri, mbali yachinayi yosatseka. Moto umakhala kumbali yosatsekayo, kuseri kwa njerwa, ndipo ine ndimakhala pakati pa motowo ndi ana. Maso anga aja amene amaona kabawi paliponse apeza ntchito. Ndimawerenga mitu ya ana kasanu dzuwa lisanafike pamutu, ndipo amayi amandiseka, koma amapita kumsewu osacheuka.

Chitseko chija alamu anachikonza Lolemba lotsatira tsiku limene ndinachithyola. Atamaliza anatola chitsulo chokolowekera ndi loko uja pansi, anawongola misomali ndi mwala, n'kuyamba kuyeza pamene pankakhala kale. Ndinawagwira dzanja.

"Alamu, zimenezo ndipatseni."

"Mukazitani, mlamu? Chisakasa chanu chilibe n'chitseko chomwe."

Ndinali nditapempha kale matabwa atatu okhuthala kwa omanga chisakasa. Ndinawasenza mpaka kuchitsime, achemwali akunditsatira ndi hamala akung'ung'udza kuti ku Blantyre anandiphunzitsa misala. Tinakhoma chivindikiro, ine ndikugwira iwo akumenya, kenako tinakhomerapo chitsulo chija, ndinakoloweka loko n'kutseka. Joze anabwera, anakoka lokoyo ndi manja onse awiri, anagwada kufuna poti asuzumire, sanapapeze. Anadzuka n'kubwerera kwa anzake.

Kiyi mmodzi ali ndi achemwali. Winayo ndinamumangirira pa chingwe, ali m'khosi mwanga.